Mwala Wanditsata Kunyumba

Zaka makumi anayi ndinadula mwala
m'maenje a ku Mqabba,
wachikasu ngati batala, wofewa pansi,
wouma ukangoona dzuwa.
Theka la makoma a mumsewu uno
linadutsa m'manja mwangamu.
Nditapuma ntchito ndinati basi, tasiyana.
Macheka ndinagulitsa, nsapato ndinataya.

Mwalawo sunamve.
Wakhala ukubwera m'paipi usiku ndi usana,
wosungunuka m'madzi, wosaoneka,
mpaka wamanga nyumba yake m'shawa yanga.
Timabowo makumi asanu ndi limodzi,
ndinatiwerenga ndi chala,
totseguka tatsala tisanu ndi tiwiri.
Kena kamalasa khoma,
kena kamandisaka m'khutu,
totsalato timangogwetsa misozi
pa dazi langa.

Rożarja, mwana wanga, pa foni kuchokera ku Melbourne:
"Bambo, ingogulani ina, mtengo wake n'chabe."
Eya, ndamva.
Ndinaika foni pansi, n'kutenga sipanala.

Unakana kumasuka mutu wa shawawo.
Ndinaukulunga kansanza, ndinaunyengerera,
ndinautukwananso pang'ono,
kenako unalira kwii! n'kugonja.
M'dzanja langa unali wolemera,
woyera mbuu ngati nkhope zathu poweruka.

Pansi pa masitepe pali vinyo wanga wa chaka chatha,
uja anasasa,
uja Wenzu analawa n'kulavulira pakhomo
nati ameneyu ngotsukira zimbudzi.
Wenzu, unalosera.
Ndinamuthira m'beseni, viniga weniweni,
madzi ofunda pang'ono, ndimu mmodzi wa kuseri,
n'kumizamo mutuwo chafufumimba.

Poyamba zii.
Kenako kathovu kamodzi, kena, tambirimbiri,
kusisima kwapansipansi ngati mafuta pa chiwaya.
Ndinakoka mpando, ndinakhala.
Ife tinkalimbana nawo ndi zitsulo, msana n'kupindika,
Ġanni anasiya zala ziwiri m'dzenje muja,
pomwe vinyo wolephera akuudya
mosatuluka thukuta.
Belu la tchalitchi linagunda kakhumi.
Khitchini yonse fungo lowawasa.
Ndinapita kukagona osasamba.

M'mawa njereza yafewa ngati phala.
Mswachi wakale wachotsa ya pamwamba,
koma m'timabowo yakakamira.
Ndatsegula chitini cha mabisiketi
momwe Ċetta ankasunga zosokera.
Chichokereni iye sindinachigwirepo.
Singano ikadali ndi ulusi wobiriwira,
wa chiyani, sindikukumbuka.
Sindinausolole.

Kabowo kamodzikamodzi, magalasi pamphuno,
ulusi ukukwawa pa dzanja langa.
Pa ka makumi atatu ndadzibaya.
Pa ka makumi anayi ndazindikira
kuti ndikung'ung'udza nyimbo yake ija
yomwe ndinkati imandisokosa.

Pansi pa beseni patsala timibulu toyera.
Ndatifikisa pakati pa zala.
Ndiwe, ndakudziwa.
Unali m'tsitsi langa, m'makutu, m'buledi wa masana,
uli m'chifuwa muno mpaka lero, adokotala anandionetsa.
Ukanangogogoda pakhomo.

Ndatsukuluza, ndamangirira, ndatsegula mpopi.
Paipi yatsokomola kawiri,
ndiye waa!
timabowo tonse pamodzi,
mvula imene chilumba chino sichiiona m'chilimwe.
Ndaima momwemo nthawi yaitali,
mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri
kuseka yekha m'bafa,
madzi odula chonchi.

Rożarja ndimuuza madzulo.
Adzati, "Bambo inu, tsiku lonse?"
Inde, tsiku lonse ndi usiku wake.

Singano ndaibweza m'chitini ndi ulusi wake.
Vinyo watsala mabotolo anayi.
Pagalasi la bafa dontho lauma,
lasiya kamphete koyera.
Wayambanso kumanga.